Munthu Akamataya Magazi, M'thupi Mumachitika Zotani?

Pakachitika ngozi pamsewu, anthu amaunjikana pa munthu amene nkhope yake yafiira psuu ndi magazi, amene akukuwa kuti akufa. Mnzake amene wangokhala phee m'mbali mwa msewu, dzanja lili pamimba, n'kumapempha madzi akumwa, amamulambalala poganiza kuti ameneyo Mulungu wamupulumutsa. Kuchipatala zimatembenuka, madokotala amayamba ndi wachete uja. Mafunso otsatirawa akufotokoza chifukwa chake.

Kodi munthu amakhala ndi magazi ochuluka bwanji?

Munthu wamkulu wolemera makilogalamu 70 amakhala ndi magazi pafupifupi malita 5, ongodzaza chigubu chija timagulira mafuta ophikira. Si ambiri ayi. Khanda lobadwa ndi makilogalamu 3 magazi ake safika n'komwe mamililita 300, motero timadontho tomwe wamkulu sangatiwerengere, kwa khanda ndi nkhani yaikulu. N'chifukwa chake anamwino salekerera mchombo wa mwana ukamadontha.

Nanga angataye ochuluka bwanji asanafike pangozi?

Munthu wamkulu wathanzi akataya osapitirira mamililita 750, thupi silidandaula kwenikweni. Ndi mmene zimakhalira kwa opereka magazi: amachotsedwa mamililita 450, amapuma pang'ono, kumwa chakumwa, n'kumapita kwawo. Akataya pakati pa mamililita 750 ndi 1,500, mtima umathamanga kupitirira ka 100 pa mphindi, munthu amapuma mofulumira, manja amazizira, ndipo sakhazikika. Kuchokera pa lita ndi theka kufika malita 2, BP imatsika, nzeru zimasokonekera, mkodzo umachepa kwambiri. Akapitirira malita 2 amakomoka, ndipo popanda kutseka potayikirapo ndi kumuwonjezera magazi, moyo umatha m'kanthawi kochepa.

Manambalawa ndi ongotithandiza kuganiza, chifukwa liwiro nalo ndi nkhani. Lita imodzi yotuluka m'mphindi zochepa ingagwetse munthu, pamene lita yomweyo ikamachoka pang'onopang'ono kwa miyezi munthu amangoyenda nayo, akulima, akudandaula kutopa. Komanso agogo, wodwala mtima, kapena mayi amene magazi ake anali ochepa kale chifukwa cha malungo, safika nawo pa manambala amenewa. Amagwa msanga.

Ukadzicheka ndi mpeni magazi amasiya okha. Chimawaletsa n'chiyani?

Choyamba, mtsempha wodukawo umafinyika wokha kuti njira ichepe. Kenako tizinthu ting'onoting'ono ta m'magazi totchedwa mapulateleti timathamangira pabalapo, timamatirana n'kutseka kabowoko. Chotsekera chimenechi n'chosalimba. Kuti chilimbe, mapuloteni oposa 10 omwe amayenda m'magazi ali chigonere amayamba kudzutsana, lina kudzutsa linzake, mpaka atapanga timaulusi totchedwa fibrin. Timaulusi timeneti timalukana, kukola maselo ofiira, ndipo magazi amaundana. Zikauma ndiye nkhanambo timaiona pabala ija.

Ambiri mwa mapuloteniwa amapangidwa m'chiwindi, ndipo anayi mwa iwo sapangika bwino popanda vitamini K. Apa ndi pamene pagona yankho la mafunso angapo. Munthu amene chiwindi chake chinaonongeka ndi kachasu kapena matenda a hepatitis B magazi ake savuta kutuluka koma amavuta kusiya. Khanda limabadwa ndi vitamini K wochepa, n'chifukwa chake limabayidwa jekeseni wake likangobadwa. Mankhwala ena ophera makoswe amagwira ntchito potsekereza vitamini yemweyu, khoswe n'kufa ndi kukha magazi m'kati, ndipo mwana akawadya zimachitikanso chimodzimodzi.

Koma luso lonseli limakwanitsa timitsempha ting'onoting'ono. Ukaduka mtsempha waukulu wochokera kumtima, monga wa m'ntchafu, magazi amatuluka ofiira kwambiri, mopopa, kutsatira kugunda kwa mtima, ndipo amakokolola chilichonse chimene thupi layesa kutsekera. Pamenepo pamafunika dzanja la munthu wina.

Chimene chimapha munthu wotaya magazi n'chiyani kwenikweni?

Ndi kusowa mpweya wa okosijeni m'ziwalo, ngakhale munthuyo akupuma. Magazi ndiwo amanyamula mpweyawu kuchoka m'mapapo kupita nawo ku ubongo, kumtima, ku impso ndi kwina konse. Akachepa, thupi limasankha zoti lipulumutse. Limatulutsa adrenaline, mtima umathamanga, ndipo mitsempha ya pakhungu, ya m'manja, ya m'miyendo ndi ya m'matumbo imafinyika kuti magazi otsalawo apite ku ubongo ndi kumtima. Zizindikiro zonse zimene timaziona zimachokera pamenepa. Khungu limazizira n'kuchita thukuta lonyowa. M'zikhatho, m'milomo ndi kunsi kwa zikope mumayera. Impso zimasunga madzi, mkodzo n'kusowa. Ludzu limakula kwambiri.

Ziwalo zomanidwa mpweya zija sizisiya ntchito nthawi yomweyo. Zimapitiriza movutikira, koma potero zimatulutsa asidi amene amaunjikana m'magazi. Thupi limazizira, pajatu magazi ndiwo amayendetsanso kutentha. Tsono vuto lake n'lakuti mapuloteni oundanitsa magazi aja sagwira bwino ntchito m'thupi lozizira kapena lodzaza asidi, komanso amakhala akutha, ena atayikira pansi limodzi ndi magaziwo. Ndiye kutaya magazi kumabala kuzizira ndi asidi, ziwirizi zimalepheretsa kuundana, kusaundanako n'kuwonjezera kutaya magazi. Madokotala ochita maopaleshoni amaopa kwambiri zitatu zimenezi zikakumana, chifukwa zikafika apa ngakhale pobayira jekeseni pamayamba kudontha. Ndipo wodwala wina amapulumuka tsiku la ngozi, koma n'kumwalira patapita masiku chifukwa impso zinakhala nthawi yaitali zopanda magazi.

Ngati zili choncho, bwanji nthawi zina amayeza BP n'kupeza kuti ili bwino?

Chifukwa thupi limabisa. Kufinyika kwa mitsempha ndi kuthamanga kwa mtima kuja kumagwirira BP kuti isatsike, mwina mpaka munthu atataya gawo limodzi mwa magawo atatu a magazi ake. Achinyamata, ana ndi amayi oyembekezera ndiwo amabisa kwambiri. Amalankhula, amayankha mafunso, kenako n'kugwa kamodzin'kamodzi. BP ikatsika ndiye kuti thupi lagonja kale. Chizindikiro chofulumira ndi kugunda kwa mtima, kapumidwe, ndi manja ozizira.

Kuyeza magazi kulabu nakonso kumatha kunyenga m'maola oyamba. Makina amayeza kukhathamira kwa magazi, osati kuchuluka kwake. Munthu akangotaya lita, otsalawo amakhala okhathamira monga kale. Pamapita maola kuti madzi a m'thupi alowe m'mitsempha n'kuwasungunula, apo m'pamene nambala imatsika. Ine ndimaona kuti wachibale amene akuuza namwino kuti "koma akuzizira manja ndipo sanakodze chiyambire m'mawa" wathandiza kuposa amene akungofunsa zotsatira za kulabu.

Kodi munthu angathe magazi popanda bala looneka?

Angathe, ndipo uku ndiye kutaya magazi koopsa zedi. M'mimba, m'chifuwa, m'chiuno ndi m'ntchafu muli malo okwanira kubisa magazi ambiri. Fupa la ntchafu likathyoka, lita imodzi kapena kuposerapo ikhoza kutayikira m'minofu, ntchafu n'kungotupa. Mafupa a chiuno akasweka, monga zimachitikira munthu akagwa pa kabaza wa njinga yamoto kapena akagundidwa ndi galimoto, amatayika ndi malita angapo. Kapamba ndi chiwalo chofewa chodzaza magazi, chili kumanzere kunsi kwa nthiti, ndipo kwa munthu amene wadwaladwala malungo chimakhala chotupa, chosachedwa kuphulika ngakhale ndi chibakera kapena kugwa mumtengo.

Kwa amayi pali mimba yokhala m'chubu, kunja kwa chiberekero. Chubucho chimaphulika m'miyezi yoyambirira, nthawi zina mayi asanadziwe n'komwe kuti ndi woyembekezera. Mayi aliyense wa msinkhu wobereka amene wadumphitsa kusamba, akumva kupweteka kwambiri m'munsi mwa mimba, ndipo akuchita chizungulire kapena wakomoka, apite naye kuchipatala chochita maopaleshoni usiku womwewo.

M'mutu nkhani yake ndi ina. Mumatayika magazi ochepa, koma poti chigaza sichitamuka, magaziwo amapanikiza ubongo. Munthu amatha kumenyetsa mutu, kukomoka pang'ono, kudzuka n'kumacheza bwinobwino, koma patapita maola n'kuyamba kusanza, kumva mutu kwambiri ndi kuodzera. Woteroyo asamusiye kuti agone chabe poganiza kuti waledzera.

N'chifukwa chiyani amayi ambiri amataya magazi pobereka?

Mimba ikafika kumapeto, magazi opita ku chiberekero amaposa theka la lita pa mphindi iliyonse. Nsengwa ikachoka imasiya mitsempha yambiri yotseguka pamalo pamene inamamatira. Chimene chimatseka mitsempha imeneyi si kuundana kwa magazi kokha, koma chiberekero chenichenicho. Chimayenera kukungika n'kulimba gwa, minofu yake n'kufinya mitsemphayo. Chikakhala lobodo, magazi amangotsika, ndipo ndi liwiro limenelo mayi akhoza kufika pangozi ambulansi isanapezeke. Chiberekero chimalephera kukungika kawirikawiri ngati matenda anatenga nthawi yaitali, ngati ndi mapasa kapena mwana wamkulu, kapena ngati mayi wabereka kambiri. Zifukwa zina ndi kachidutswa ka nsengwa kotsalira m'kati, kung'ambika kwa njira yoberekera kapena chiberekero, ndi magazi osaundana. Mankhwala azitsamba ofulumizitsa matenda, monga mwanamphepo, alibe muyeso, ndipo azaumoyo akhala akuchenjeza kuti angang'ambitse chiberekero.

Komatu chakudza sichiimba ng'oma. Amayi ambiri amene amataya magazi sakhala ndi chizindikiro chilichonse chochenjeza pa nthawi ya sikelo. Ichi n'chifukwa chenicheni chokakhalira kuchidikiro ndi kuberekera kuchipatala, ngakhale kwa ntchembere imene inabereka ana asanu popanda vuto. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2023 linati chaka chilichonse amayi pafupifupi 14 miliyoni amataya magazi kwambiri akabereka, ndipo pafupifupi 70,000 amamwalira.

Muyeso womwe wakhala ukugwiritsidwa ntchito ndi mamililita 500 m'maola 24 oyamba. Vuto n'lakuti maso amanama. Magazi olowerera m'zitenje ndi m'matiresi amaoneka ochepa kuposa mmene alili. Kafukufuku wa E-MOTIVE, yemwe anachitika m'zipatala za ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania n'kutuluka mu 2023, anaika kansalu kapulasitiki kokhala ndi miyeso kunsi kwa mayi kuti magazi aziyezedwa, ndipo akafika pa muyeso chithandizo chonse chinkaperekedwa nthawi imodzi: kusisita chiberekero, jekeseni wa oxytocin, mankhwala a tranexamic acid, diripi, ndi kufufuza pong'ambika. Kutaya magazi koopsa ndi mavuto ake aakulu kunatsika ndi magawo 60 pa 100 alionse. Panalibe mankhwala atsopano. Chatsopano chinali kuzindikira msanga ndi kusadikira.

Mankhwala a tranexamic acid amenewa ndi otani?

Thupi likaundanitsa magazi limakhalanso ndi njira yosungunulira choundanacho, ndipo munthu akavulala kwambiri njira imeneyi imachita mopitirira. Tranexamic acid amailetsa. Anawatulukira ndi Utako Okamoto ndi mwamuna wake Shosuke ku Japan, ndipo analengeza mu 1962. Cholinga cha mayiyu chinali kupulumutsa amayi obereka, koma panapita zaka zambiri madokotala osawayesa mokwanira pa ntchito imeneyi. Mu 2010 kafukufuku wa CRASH-2, wa anthu ovulala oposa 20,000 m'mayiko 40, anaonetsa kuti amachepetsa imfa. Mu 2017 kafukufuku wa WOMAN, wa amayi oposa 20,000 m'mayiko 21, anapeza kuti akaperekedwa m'maola 3 oyamba, imfa zobwera chifukwa cha kutaya magazi zimatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Utako Okamoto anamwalira mu 2016, zotsatirazi zisanatuluke. Mankhwalawa ndi otsika mtengo ndipo safuna firiji, koma akadutsa maola 3 phindu lake limatha.

Nanga kutaya magazi pang'onopang'ono?

Uku ndiye kofala kwathu kuno, ndipo kumabisala m'mawu akuti "magazi ndi ochepa". Njoka za m'mimba zina, zomwe zimalowera kumapazi munthu akamayenda wopanda nsapato, zimaluma matumbo n'kumayamwa magazi tsiku ndi tsiku. Likodzo, lofala m'mbali mwa Nyanja ya Malawi, ku Chilwa ndi m'madambo a mpunga, limatulutsa magazi kumapeto kwa mkodzo, ndipo si chizindikiro choti mnyamata wakula. Mtundu wina wa likodzo umaumitsa chiwindi, mitsempha ya kummero n'kutupa, tsiku lina munthu n'kusanza magazi ambiri mwadzidzidzi. Mankhwala ake, praziquantel, alipo ndipo amaperekedwa m'masukulu.

Zilonda za m'mimba zimakha magazi, makamaka kwa amene amangogula asipirini, bulufeni kapena diclofenac pagolosale n'kumamwa tsiku lililonse. Magazi ochokera m'chifu akatulukira kuchimbudzi nthawi zambiri sakhala ofiira. Chimbudzi chimakhala chakuda bii, chonanda ndi chonunkha kwambiri. Mapiritsi a ayironi nawo amadetsa chimbudzi, choncho wodwala anene mankhwala onse amene akumwa. Kutsokomola magazi kumafunika kuyezetsa chifuwa chachikulu. Ndipo mayi amene akutuluka magazi akakhala malo amodzi ndi mwamuna, kapena amene anasiya kale kusamba koma wayambiranso kuona magazi, akayezetse khansa ya khomo la chiberekero, yomwe ku Malawi ndi yochuluka kuposa m'mayiko ambiri padziko lapansi.

Mwa onsewa chimatha ndi ayironi, chitsulo chimene mafuta a m'mafupa amapangira maselo ofiira. Munthu amatopa, amapuma befu pokwera kamtunda, mtima umagunda kwambiri, ena amalakalaka kudya dothi. Kumupatsa mapiritsi osafufuza potayikira n'kungochedwetsa vuto.

Kodi n'zoona kuti anthu ena amabadwa ndi magazi osaundana?

N'zoona. Matenda odziwika kwambiri ndi haemophilia, pomwe puloteni imodzi youndanitsa magazi, ya nambala 8 kapena 9, imasowa. Amagwira makamaka ana aamuna, koma amadzera mwa mayi amene iye mwini nthawi zambiri amaoneka wabwinobwino. Mfumukazi Victoria ya ku Britain inapatsira mbumba yake, ndipo matendawa anafika mpaka ku banja lachifumu la ku Russia. Mwana wotere amatupa mawondo ndi zigongono popanda chifukwa chooneka, ndipo akazula dzino magazi satha. Ngati kwawo kwa mayi, mwa amalume, kunachitikapo zotere, mwanayo ayezedwe asanapite ku mdulidwe, kaya wa kuchipatala kapena wa kujando.

Munthu akavulala pamaso panga, ndichite chiyani?

Panikizani pabalapo. Tengani nsalu yoyera, chitenje kapena malaya, ikani pabala n'kutsindira ndi mphamvu zanu zonse osasiya. Musamavundukule kuti muone ngati asiya, mukatero mukuchotsa choundana chimene chayamba. Nsalu ikanyowa sanjikizani ina pamwamba. Ngati mungathe valani magolovesi kapena jumbo m'manja kuti mudziteteze. Bala likakhala lakuya, kanikizirani nsaluyo m'kati mwake. Mpeni kapena chitsulo chikakhala kuti chidakali m'thupi musachizule, mwina ndicho chatseka mtsempha.

Ngati ndi mkono kapena mwendo ndipo magazi akupopa osasiya, mangani nsalu yotambalala kumtunda kwa bala, lowetsani kamtengo n'kupotokola mpaka magazi asiye, ndipo kumbukirani nthawi imene mwamanga kuti mukanene kuchipatala. Waya kapena chingwe chopyapyala ayi. Musamasule panjira. Kumanga kotere si kwa wolumidwa ndi njoka, kumeneko kumangoononga mwendo.

Wovulalayo mumugoneke pansi, mumufunditse ngakhale kunja kukutentha, ndipo musamupatse madzi kapena chakudya ngakhale apemphe chotani, chifukwa mwina akupita ku opaleshoni. Dothi, ndowe, phulusa ndi masamba otafuna siziletsa mtsempha woduka, zimangobweretsa kafumbata. Kamfuno ndi kosavuta: munthu akhale tsonga, aweramire kutsogolo osati kugadamika, n'kufinya kofewa kwa mphuno kwa mphindi 10 mpaka 15.

Kwa mayi amene wabereka, gwirani pamimba kunsi kwa mchombo. Chiberekero chikakhala chofewa chisisiteni mpaka chilimbe, mwana ayamwe, mayi akodze, kwinaku ulendo wa kuchipatala uli m'kati.

Diripi siingalowe m'malo mwa magazi? Nanga chidede?

Diripi ndi madzi amchere. Imadzaza mitsempha kwa kanthawi, koma sinyamula mpweya ndipo siundana. Ikachuluka imasungunula magazi otsala aja n'kuziziritsa thupi. Wotaya magazi ambiri amafunika magazi a munthu mnzake, ogwirizana ndi gulu lake, kaya A, B, AB kapena O, oyezedwa kale HIV, hepatitis ndi chindoko.

Kwa amene wataya pang'ono, madzi a m'magazi amabwerera m'tsiku limodzi kapena awiri, maselo ofiira amatenga masabata angapo, ayironi miyezi. Chidede n'chabwino kumwa, koma kufiira kwa madzi ake, kapena a masamba a mapeyala owiritsa, si magazi. Chothandiza ndi chiwindi, nyama, usipa, nyemba, bonongwe, pamodzi ndi zipatso monga malambe ndi malalanje zomwe zimathandiza thupi kuyamwa ayironi. Tiyi azimwa patali ndi nthawi ya chakudya, ndipo mapiritsi a kuchipatala amalize.

Magazi alibe fakitale, ndipo osungidwa mufiriji amatha mphamvu pakapita masabata 5 kapena 6. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, lomwe linakhazikitsidwa mu 2003, limadalira kwambiri ophunzira, choncho masukulu akatsekera magazi amasowa, makamaka nthawi ya dzinja pamene ana odwala malungo amachuluka m'mawodi. Mphekesera za anamapopa, zomwe mu 2017 zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo, zimangowonjezera mantha pa ntchito imene ndi yopulumutsa moyo. Ngati muli ndi zaka za pakati pa 16 ndi 65 ndipo thupi lili bwino, musadikire kuti m'bale wanu agonekedwe. Pitani mukapereke magazi masukulu akatsekera.